Kiyibodi Yosalira

Mnyamatayu anthu ankamutchula kuti Gogoda, ndipo dzinali sanalitole panjira. Mukamukhazika pa tebulo, tebulolo lasanduka ng'oma. Mukamupatsa kapu ndi sipuni, za tiyi muiwale. Ngakhale tsiku limene anakumana ndi Namwino, atapita kuchipatala ndi chala chotupa, dzanja labwinolo linali pa ntchito, gogodo gogodo pa benchi, mpaka odwala anzake anamupempha kuti awachitire chifundo.

Namwino anamukonda choncho, ndi phokoso lake lomwe. Amene sankafuna kumva za iye anali amayi ake a Namwino ndi achimwene ake.

"Ntchito yake n'chiyani kwenikweni?" amayi anafunsa tsiku lina masana, akupinda zovala pabalaza.

"Amathandiza mnzake kukonza mafoni, amayi. Koma chimene akufuna n'kupanga nyimbo."

"Amaimba?"

"Saimba. Amapanga mabiti, zija zimalira pansi munthu akamaimba."

"Ali ndi gitala?"

"Sizifuna gitala, amayi. Masiku ano zimapangidwa ndi makina."

"Makinawo ali nawo?"

Namwino anayang'ana pansi. Achimwene ake, amene ankapukuta nsapato pakhomo, anaseka mpaka kutsokomola.

"Amayi, musavutike. Mlamu wanga wodzafunayo chida chake ndi tebulo lathu lomweli. Tikamupatsa mlongo wangayu, tidzamupatsirenso tebulo, apo ayi banja lidzagona ndi njala."

"Achimwene, inu mumangofuna ndikwatiwe ndi mnzanu wa ku banki uja."

"Nanga n'kulakwa? Munthu ali ndi mpando wake wozungulira. Sagogoda za eni."

Amayi anaika bulangete pamwendo, nalisalaza ndi manja onse awiri. Anali munthu wosakweza mawu, ndipo n'chifukwa chake ana awo ankawaopa.

"Mwanayo sindidana naye, sindimudziwa n'komwe. Koma ndatopa ndi mawu akuti adzapanga, adzapanga. Mwezi uno usanathe abwere pano ndi nyimbo imodzi yoti wapanga yekha, ndiimve ndi makutu angawa. Ikakhalapo, ndidzamulandira. Ikapanda kukhalapo, dzina lake lisadzamvekenso m'nyumba muno."

* * *

Gogoda ankakhala m'kachipinda kuseri kwa shopu ya matayala. Munali bedi, mpando umodzi, ndi sipika yakale imene anaitola yakufa n'kuiukitsa yekha. Namwino atamuuza mawu a amayi, mnyamatayo sanaope. Anasangalala, anthu inu! Anatulutsa foni n'kuyamba kumuonetsa zithunzi.

"Njira zilipo ziwiri, tamvera. Yoyamba ndi kabokosi aka. Kali ndi mabatani a mphira, ndipo mawu onse ali m'kati momwemo, ng'oma, besi, zonse. Ukakayatsa n'kudina, kalira. Sikafuna kompyuta, sikafuna intaneti. Pali bambo wina wa situdiyo akufuna kugulitsa kake, wandilonjeza kuti andisungira."

"Kokalamba choncho? Penti mpaka yachoka."

"Penti silira, iwe. Ndiye njira yachiwiri ndi iyi, kiyibodi. Imeneyi ndi yokongola, koma uyenera kudziwa kuti..."

Apa ndi pamene Namwino akanatchera khutu. Koma foni yake inanjenjemera m'chikwama, ndipo anaitulutsa. Anali achimwene, atatumiza chithunzi cha mnzawo wa ku banki atatsamira galimoto, pansi pake atalemba kuti, "Uyu sasankha, amangogula." Mtima wa Namwino unawira. Gogoda ankalankhulabe za zingwe ndi mapulogalamu, iye akungogwedeza mutu, osamva kalikonse.

"Ndiye wasankha chiti?" anamudula.

"Mtima uli pa kabokosi. Koma ndikufuna ndikakayese kaye bwinobwino, batani lililonse."

"Chaka chatha unkayesa, chaka chino ukuyesabe. Udzasankha imvi zili mbuu."

"Chida choyamba sugula mothamanga, Namwino. Ukalakwitsa, ulira nacho."

"Amene ndikulira ndine. Iwe sukhala m'nyumba muja."

Gogoda anamugwira dzanja, namugogoda pang'onopang'ono pa chikhatho mpaka mkazi anamwetulira asakufuna. Koma potuluka pakhomo paja, Namwino anali ataganiza kale zomuthandiza mwamuna wake kusankha.

* * *

Shopu ya zinthu zakale inali pa msewu wodutsa kuseri kwa chipatala. Pawindo, pakati pa mawailesi ndi masimbi, panali kiyibodi yakuda yonyezimira, yokhala ndi mabatani ngati a kabokosi kaja, ndi tozungulitsa tambirimbiri pamwamba. Namwino ataiona anangoti ndi imeneyi. Inali ndi zonse za kabokosi, n'kuwonjezerapo zina, komanso penti yake inali yonse.

"Mwini wake anali mzimayi wosamala zinthu," anatero bambo wa m'shopu, akuipukuta ndi mkono wa malaya. "Onani, ngakhale kokanda palibe."

"Imalira bwino?"

"Iii, mayi! Mukangoilumikiza, anthu oyandikana nawo asamuka."

Kuilumikiza ku chiyani, Namwino sanafunse. Anaigula, naikulunga m'nsalu, ndipo asanafike n'komwe pa msewu waukulu analembera Gogoda uthenga.

"Bambo wa kabokosi uja umuuze agulitse kwina. Zonse ndakukonzera."

"Wakonza chiyani?"

"Usafunse. Umandikhulupirira kapena ayi?"

Yankho linachedwa pang'ono. Kenako linabwera: "Ndimakukhulupirira. Ndamuuza."

Namwino anawerenga uthengawo akumwetulira yekha mumsewu ngati wopenga. Akanadziwa, akanabwerera pomwepo.

* * *

Gogoda anamasula nsalu ija ataigoneka pa bedi. Anayang'ana kiyibodiyo kwa nthawi. Namwino anaima pambali manja ali m'chiuno, akudikira kukumbatiridwa.

"Nanga? Sukondwa?"

"Ndi yokongola," anatero Gogoda motsitsa mawu.

"Tayatsa, ndimve."

Gogoda anailumikiza ku chaja ya foni. Magetsi anayaka, ofiira, obiriwira, achikasu, kuthamanga uku ndi uku. Namwino anaomba m'manja. Anadina batani loyamba. Zii. Anadina lachiwiri mwamphamvu. Zii. Anayendetsa dzanja lonse kuchokera kumanzere mpaka kumanja, ndipo chimene chinamveka ndi kukhwakhwata kwa pulasitiki basi.

"Yafa? Bambo uja wandibera?"

"Siinafe. Imeneyi payokha siitulutsa mawu, Namwino. Ntchito yake n'kuuza kompyuta zoti iimbe. Mawu ali mu pulogalamu yake, pulogalamuyo imakhala mu kompyuta."

"Kompyuta ulibe."

"Ndilibe."

"Bwanji sunandiuze?"

Gogoda anatsegula pakamwa, kenako anatseka. Sanafune kunena kuti ndinakuuza, ndipo kusanenako n'kumene kunamulasa Namwino. Namwino anakhala pa mpando.

"Imbira bambo wa kabokosi."

"Ndamuimbira kale m'mawa, ndimafuna ndingodziwa. Kanapita dzulo."

"Ndikabweza kiyibodiyi."

"Pa shopu ija sabweza katundu, chikwangwani chili pakhomo. Usalire, iwe. Mnzanga wa mafoni ali ndi laputopu yakale, ndikabwereka. Tiona chochita."

Laputopu inabwera tsiku lotsatira, yotentha ngati simbi, batire yake yomangidwa ndi tepi. Mapulogalamu aulere anali kuikanika, nyimbo ikangoyamba imachita chibwibwi n'kuima. Gogoda anayesa kuikamo pulogalamu yake yeniyeni ya kiyibodiyo, ija yokhala ndi mawu onse. Analemba nambala ya pansi pa kiyibodi, nadikira. Kompyuta inakana. Inati chidachi chinalembetsedwa kale m'dzina la munthu wina, ndipo mwini akauntiyo ndi yekhayo amene angachimasule.

"Ndiye tikapemphe nambala ya foni ya mwini wakeyo ku shopu," anatero Namwino.

Gogoda anali atatembenuza kiyibodi, akuyang'ana kadontho ka penti yofiira ya zikhadabo pafupi ndi nambala ija.

"Nambala yake ndikuidziwa," anatero. "Kiyibodi iyi ndinakamusankhira ndine, kalekale."

* * *

Mwini wake anali mkazi woimba m'mahotela, amene anthu ankamutchula kuti Wamagalasi chifukwa magalasi akuda sankachoka kumaso kwake, kaya kukugwa mvula kaya ali m'nyumba. Anali chibwenzi cha Gogoda Namwino asanabwere. Ndiye amene anamusiya mnyamatayo, ati chifukwa ankachedwa kutukuka.

M'tauni monse muja, mwa akazi onse ogulitsa katundu wawo, Namwino anakagula wa ameneyo!

Sanalole kuti Gogoda aimbe foni. Anaimba yekha, ndipo anagwirizana zokumana pa malo omwera tiyi pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Wamagalasi anafika mochedwa, ananunkhiritsa malo onse, nakhala pansi osavula magalasi.

"Ndinu asisi a kuchipatala aja? Ndamva mbiri yanu. Ati mumaimbanso?"

"Pang'ono. Ndabwera za kiyibodi."

"Ha! Dziko n'laling'ono. Ine ndinaigulitsa chifukwa inkandikumbutsa munthu, ndiye onani, yapita kwa munthu yemweyo. Inu simukuona kuti n'zodabwitsa?"

"Ndikungopempha kuti muimasule mu akaunti yanu. Ati ndi ntchito yochepa."

Wamagalasi anatakasa tiyi wake mosafulumira.

"Yochepa kwa amene sakuidziwa. Mu akaunti imeneyo muli nyimbo zanga zonse, asisi. Ndikadina polakwika, zipita. Sindingachite zimenezo chifukwa cha anthu othamanga."

"Amayi anga atipatsa mpaka kutha kwa mwezi."

Mawuwa atangotuluka, Namwino anafuna kuwameza. Wamagalasi anatsitsa magalasi pang'ono, ndipo maso ake anaonekera koyamba. Anali kuseka.

"Ooh, ndiye pali mayeso? Mukanayamba ndi pamenepo. Ine si munthu woipa. Kwanga kuli kompyuta yamphamvu, pulogalamu ilimo kale, maikolofoni alipo. Abwere ndi kiyibodiyo azigwirira ntchito komweko. Njira akuidziwa, simuvutika kumulondolera."

* * *

"Sindipita ngati iwe sukufuna," anatero Gogoda. Anali atakhala pa khonde la shopu ya matayala, dzuwa likupendeka.

"Pali njira ina?"

"Ndafunsa ku masitudiyo awiri. Onse ndi odzaza, komanso salola munthu wongoyamba kukhudza makina awo."

"Ndiye pita."

"Tipite tonse. Nyimbo ndi yako, mawu ake unalemba ndiwe. Ine ndipange biti, iwe uimbe pa maikolofoni ake, tituluke tonse atiperekeze ndi maso."

"Ine? Ndikaime m'nyumba ya mkazi uja, ndivale mahedifoni onunkha mafuta ake, ndiimbe za mumtima mwanga iye akumvetsera? Ndiyambe ndafa."

"Namwino, popanda woimba biti siyenda bwino. Ndimafuna ndizimva pamene mawu akulowa, pamene akupuma."

"Udziwa chochita. Si iwe katswiri wosankha?"

Namwino anadziwa kuti wamulasa popanda chifukwa. Wolakwa anali iye, koma manyazi akakula amasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo umagwera amene ali pafupi. Gogoda anangonyamula kiyibodi ija pansi pa mkono, napita. Namwino anamuyang'ana mpaka anakhota pa ngodya, akudziuza kuti wamunyamulitsa yekha katunduyo, ndipo njira wamulozera yekha.

* * *

Masiku otsatirawo chibwenzi chinasamukira pa foni.

"Uli kuti?"

"Ndili konkuno. Ng'oma zatha, ndikuika besi."

"Iye ali kuti?"

"Ali kukhitchini."

"Akuphikira ndani?"

"Namwino, chonde."

Tsiku lina Gogoda anatumiza kachidutswa ka biti. Namwino anakamvetsera ali pa basi, ndipo misozi inalengeza m'maso. Zinali zokoma, abale. Kugogoda konse kuja kwa pa matebulo ndi pa mabenchi kunali mmenemo, koma tsopano kutavala bwino, kukuyenda ngati munthu wodziwa kumene akupita. Anafuna kulemba kuti ndakunyadira. M'malo mwake analemba kuti, "Anakuthandiza ndi iyeyo?" Gogoda sanayankhe mpaka mawa lake.

Achimwene nawo sanagone. Anafika kunyumba madzulo ena nkhope ikuwala ngati munthu wotola chikwama.

"Mlongo wanga, woimba matebulo uja wasamuka? Ndamuona akulowa pa geti ya nyumba zosanja zija kuseri kwa hotela. Wamutsegulira ndi mkazi, wavala magalasi akuda dzuwa kulibe."

"Ndikudziwa. Ali pa ntchito."

"Ntchito? Hm! Ntchito imeneyo nanenso ndikanaikonda."

"Ndinamutuma ndine, achimwene."

Achimwene anasiya kuseka. Anamuyang'ana mlongo wawo mwachifundo chenicheni, ndipo chifundocho chinamupweteka kuposa chipongwe chija.

"Unamutuma ndiwe? Iwe mwana, mutu wako ukuyenda?"

Namwino analowa kuchipinda n'kuimba foni. Gogoda atayankha, kumbuyo kunkamveka mawu a mkazi akuimba. Anali mawu a nyimbo yake, ija analemba yekha pa nthawi yopuma kuchipatala, akuganiza za chala chotupa ndi benchi.

"Akuimba nyimbo yanga?"

"Ndi zongoyesera, Namwino. Ndimafuna mawu oti anditsogolere pokonza biti, iwe unakana kubwera. Tikamaliza ndizimitsa mawu akewo, itsala biti yokha."

"Ndiye kwa amayi ukaimba ndiwe?"

"Ukaimba ndiwe, pomwepo pabalaza. Biti ikulira pa sipika, iwe ukuimba pamaso pawo. Kodi pali umboni woposa pamenepo?"

Namwino anakhala pa bedi. Maganizowo anali abwino, ndipo anamufewetsa mtima.

"Ukulumbira kuti palibe china?"

"Ndimakhudza mabatani okha. Ndikulumbira."

"Bwera msanga ndiye. Ndakusowa, chitsiru iwe."

"Nanenso ndakusowa, wogula makina osalira."

Anaseka onse awiri, koyamba chigulire kiyibodi ija.

* * *

Tsiku la mayeso Gogoda anafika masana, atavala jekete yobwereka yaifupi mikono, sipika yake yakale ili m'manja. Anapereka moni atawerama, nakhala pamphepete pa mpando, manja atawapanikiza pakati pa mawondo kuti asachite manyazi pa tebulo la eni. Achimwene anaima pakhomo atapinda manja. Amayi anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Ndiwe amene umapanga nyimbo zopanda gitala?"

"Ndine, amayi."

"Makolo ako akudziwa zimenezi?"

"Akudziwa, amayi. Nawonso amadandaula."

Amayi anamwetulira pang'ono, ndipo Namwino anapuma. Anapita kukaima pafupi ndi Gogoda pamene ankalumikiza foni ku sipika.

"Waimvetsera?" ananong'ona.

"Dzulo inali bwinobwino. Kompyuta imachedwa kuitulutsa, ine ndimathamangira jekete, ndiye ndinamuuza mkazi uja kuti azimitse mawu ake, ikatha anditumizire. Yafika ndili panjira."

"Sunaimvetsere?"

"Ndi yomweyo, usaope."

Munthu wozolowera ntchitoyi sangaseweretse pagulu nyimbo imene sanaimve yekha mpaka kumapeto. Koma Gogoda anali wongoyamba kumene, ndipo jekete inali itamudya mutu. Anadina.

Ng'oma zinayamba, zofewa, kenako besi inalowa pansi pake. Mutu wa amayi unayamba kugwedezeka wokha. Ngakhale phazi la achimwene linawapereka, linkamenya pansi iwo nkhope ili gwaa. Namwino anaongoka, anakoka mpweya, natsegula pakamwa kuti ayambe.

Mawu anatuluka, koma osati pakamwa pake. Anatuluka mu sipika, okhuthala, otsetsereka, mawu a mkazi wozolowera kuimbira anthu olemera. Ankatchula chala chotupa, ankatchula benchi, ankalonjeza kudikira.

Namwino anatsala kukamwa kuli yasa. Gogoda anadumphira foni.

"Isiye," anatero amayi. "Ndinati ndiimve."

Gogoda anabweza dzanja, thukuta lili kamukamu pamphumi. Amayi anamvetsera ndime yoyamba yonse maso ali pa mwana wawo.

"Nyimbo iyi ndikuidziwa. Ndimaimva m'mawa uliwonse kuchokera kubafa, mpaka madzi amatha. Koma akuimbayu ndani?"

Nyimbo inkalirabe. Namwino anayang'ana Gogoda ndi jekete yake yaifupi mikono. Anakumbukira kuti kabokosi kaja kanapita chifukwa cha iye, kuti maikolofoni aja anawakana ndi iye. Anaona kuti akanena zoona, mwamuna wake atuluka pakhomo paja osadzabweranso.

"Ndine, amayi."

"Ndiwe?"

"Ndine. Makinawa amasintha mawu, amawakulitsa. Eti, Gogoda?"

Gogoda sanavomere, sanakane. Anangoyang'ana pansi.

"Chabwino," anatero amayi. "Timve mpaka ithe."

Nyimbo inapitirira, ndipo kunena zoona inali yabwino. Ng'oma zinachepa, besi inatsika, mawu omaliza anakokedwa mpaka anazilala. Namwino anayamba kuganiza kuti mwina apulumuka. Koma sipika siinatseke. Kunamveka kaphokoso ka mpando, kenako kuseka kwa mkazi, pafupi kwambiri ndi maikolofoni.

"Wamva, Gogoda? Namwino wakoyo angafike pamenepa?"

Ndipo kunamveka mwamuna akuseka, kuseka komasuka kwa munthu amene ali kwawo.

"Iwe usandiyambe. Mawu akowa sakalamba. Tibwerezenso kamodzi."

Apo ndiye inathera.

Achimwene, amene tsiku lina lililonse akanagwa pansi ndi phwete, sanaseke. Anangopukusa mutu n'kuyang'ana kunja. Amayi anaika manja pamwendo.

"Mnyamata iwe, luso uli nalo. Zimenezo sindikana, ndamva ndekha," anatero. "Za mkazi woseka uyo udziwa wekha ndi mtima wako. Koma iwe sunandinamize." Anatembenukira kwa Namwino. "Wandinamiza ndiwe. Chibadwire sunandinamizepo maso ali pa ine. Lero wayamba, ndipo wayambira pa mwamuna. Ngati umu ndi mmene akukusandutsira asanakutenge, akadzakutenga udzakhala ndani?"

"Amayi, olakwa ndine, kiyibodi ija..."

"Muperekeze mlendo wako. Ukabwerako tikambirana."

* * *

Namwino ndi Gogoda anayenda mpaka pa geti. Gogoda anakumbatira sipika yake pachifuwa. Atafika pa msewu anaima.

"Namwino, kuseka kuja sikunali kanthu. Munthu ukamajambula woimba umamusangalatsa kuti aimbe bwino. Ndi ntchito basi."

"Anakufunsa ngati ndingafike pamenepo. Bwanji sunamuyankhe kuti inde?"

"Ndimafuna timalize msanga."

"Mawu ake sakalamba. Anga?"

"Ako sindinawamvepo pa maikolofoni. Ndinakupempha."

Zinali zoona, ndipo Namwino ankadziwa. Misozi inayamba kutsika, iye osaipukuta.

"Ndikanangokusiya ugule kabokosi kako kopanda penti," anatero. "Tikanajambula m'chipinda mwako, matayala akununkha, tili awiriwiri."

"Tidzapeza kena. Ndikatenga kiyibodi ija lero, sindidzapondakonso kumeneko."

Asanamalize, galimoto yaing'ono yofiira imene inaima tsidya la msewu inaliza hutala. Windo linatsika, ndipo magalasi akuda anasuzumira.

"Nanga mayeso ayenda bwanji? Amayi aikonda nyimbo yathu?" Wamagalasi anafunsa mokoma. "Pepani asisi, mwina ndatumiza yolakwika. Mabataniwa amasokoneza, inunso mukudziwa."

Gogoda anapita pa galimotoyo nkhope itachita mdima. Koma asanatsegule pakamwa, mkaziyo anatambasula dzanja n'kukankha chitseko cha mbali inayo.

"Ukalipe tili m'njira. Yomweyo ndinaitumizanso kwa mkulu wa mapulogalamu ku wailesi. Waikonda, akufuna wopanga biti ndi woimba, tonse awiri, ofesi isanatseke lero. Akuti ali ndi ntchito ya chaka chonse. Si ntchito imene apongozi ako amafuna?"

Namwino anagwira chitsulo cha geti. Kumbuyo kwake, amayi anali ataima pawindo, katani atamukokera pambali. Gogoda anayang'ana Namwino, nayang'ana chitseko chotsegukacho. Sanakwere, komanso sanachitseke.